Ma Gitala: Nyimbo Zomwe Tidazidutsa Pamsewu



Loweruka lapitali tidakhala pakhonde kuno ku Area 47, titazungulira kawayilesi, n'kumamvetsera chimbale cha Madalitso Band chotchedwa Ma Gitala, chomwe chidatuluka mu 2025. Nyimbo yoyamba isadathe, agogo ena a pakhomopo adatuluka m'nyumba nafunsa ngati tatsegula nyimbo za Daniel Kachamba. Tidaseka, koma agogowo sadalakwitse kwenikweni. Kulira kwa gitala ndi kwa babatoni m'chimbalechi n'kwa fuko limodzi ndi nyimbo zomwe makolo athu ankavina kale.

Oimbawo ndi awiri. A Yobu Maligwa amatsogolera nyimbo uku akuliza babatoni, chida chopanga okha cha chingwe chimodzi. A Yosefe Kalekeni amaliza gitala wa zingwe zinayi, chidendene chawo chikumenya ng'oma. M'zimbale za Wasalala (2019) ndi Musakayike (2022) tidawamva monga momwe amamvekera pamsewu. M'chimbale chatsopanochi awonjezeramo mawu a oimba ena ndi zida zina. Tidali ndi nkhawa kuti mwina zokometserazo zakokolola fumbi lomwe limapatsa nyimbozi kukoma kwake. Nkhawayo idatha msanga: babatoni akadagunda ngati mtima, ndipo mwendo umayamba wokha kugwedezeka. Komabe ena mwa ife adati amalakalaka kuuma kwa zimbale zoyambazo, ndipo mkanganowo sitidauthetse.

Chomwe chidatitsalira mumtima n'china. Amuna awiriwa adakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ya Lilongwe, kuchokera ku Mtandire, dera lomwe lili pafupi ndi mipanda yathu ya njerwa. Ndi kangati tidadutsa oimba otere ku Old Town tili pa changu, osaponya ngakhale kandalama m'mbale? Tinkati nyimbo zawo n'zachimidzimidzi, zosayenera mwana wa sukulu. Koma ataimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, nayamba kuitanidwa ku Ulaya, ndiponso kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva itayamba kusindikiza zimbale zawo, pamenepo m'pamene makutu athu adatseguka. Nyimbozo sizidasinthe. Chidasintha n'chakuti alendo adayamba kuwomba m'manja, ife n'kutsatira.

Akuluakulu adati mawu a akulu amakoma akagonera. Ma Gitala ndi umboni wakuti nyimbo zawonso zimatero. Chimbalechi tikuchiyamikira ndi mtima wonse, koma tikuchimvetsera ndi kamanyazi.

Sabata ino tichimvetsere pamodzi ndi makolo athu, tiwafunse zomwe chikuwakumbutsa. Ndipo tikakumana ndi woimba wina pafupi ndi msika, gitala wake ali wosema yekha, tiime pang'ono timumve, tisadikire kuti a ku Geneva adzatiuze kuti amatha.