Kuti lathe isavine

Lathe zambiri zimene zikugwira ntchito m'mashedi a kuno ku Mchesi sizinabwere ndi miyendo. Ina mwini wake anaigula yakale, mutu ndi mchira basi. Ina anachita kuwotcherera ndi zitsulo, shafti ndi mabering'i awiri. Poikapo aliyense amadzionera yekha. Ndiye poti ndife akalipentala, timati imeneyi ndi ntchito ya masana amodzi: miyendo inayi, thabwa pamwamba, misomali kho kho kho, tatha. Tebulo lotero lingasenze mbale za nsima za banja lonse, koma lathe si katundu wongokhala phee. Imakankha, imakoka, imafuna kuyenda.

Chimene chimaiyendetsa ndi mtengo umene mwamangapo. Palibe chipika chimene chimabwera chobulungira bwino, ndipo ngakhale chioneke chobulungira, mbali ina imalemera kuposa inzake chifukwa cha mfundo kapena chinyezi. Mbali yolemerayo ikamazungulira imakokera makina kutsogolo, pansi, kumbuyo, m'mwamba, kangapo pa sekondi imodzi. Liwiro mukaliwirikiza kawiri, kukokako kumawirikiza kanayi. Mwendo wa mpando suvuta kwenikweni. Koma mangani chipika cha mbale ya mainchi 12 pa sitandi yopepuka, muone ikunjanja n'kumasendera kukhomo. Tchizulo chimadumpha, chimasiya timizere tokwera n'kutsika, ndipo mnyamata amatha sandipepa pofufuta zimene sizinayenera kukhalapo. Ambiri amathamangira kunola tchizulo kapena kusintha mabering'i, pamene vuto lili m'munsi.

Muyeso woyamba ndimautenga pathupi la amene adzagwiritse ntchito makinawo. Aime chilili, apinde mkono, ndiyeze kuchokera pansi kufika pachigongono. Pamenepo ndi pamene payenera kukhala nsonga ziwiri zogwira mtengo. Kwa ine ndi mainchi 42. Ndikachotsapo msinkhu wa lathe yokhayo, kuchokera pamene imakhalira kufika pansonga, chotsalacho ndiye kutalika kwa sitandi. Ikafupika, madzulo msana umalira. Ikatalika, mapewa amakwera ndipo tchizulo sichimvera dzanja. Mukakayika, italikitseni pang'ono, chifukwa mnyamata wamfupi angapondere pathabwa, pamene mwendo wodulidwa kale sumeranso.

Mlombwa ndi mbawa ndi za makasitomala, sindingazikwirire pansi pa makina. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino pa zambiri, koma pano ayi: ndi wopepuka, ndipo mutu wa bawuti umangomira m'thabwa mukamanga mwamphamvu. Ine ndimafuna bulugama, wouma ndithu. Wauwisi umapindika ndi kung'ambika pouma, ndipo umapotola makina amene mwaumangirira. Mitanda yochotsedwa padenga la nyumba yakale ndiyo yabwino koposa, bola muzule misomali yonse musanailande. Miyendo ndimadula ya mainchi 4 mbali zonse. Pamwamba sindiikapo thabwa lalikulu, ndimaimika mitanda iwiri yochindikala, n'kusiya mpata pakati woti zopalapala zizigwera pansi.

Miyendoyo isaime chowongoka. Kugwedezeka kwa lathe kumapita kutsogolo ndi kumbuyo, choncho ndimaitangadza: pamwamba mainchi 12, pansi pafupifupi 24. Kupitirira apo mumayamba kupunthwa nayo. Kumbuyo ndimapingasa mtanda umodzi kuchokera pangodya ya m'mwamba kufika pangodya ya m'munsi, kuti sitandi isapendame m'litali.

Misomali ndinasiyana nayo pa ntchito iyi. Msomali ukamagwedezeka tsiku lililonse umatuluka pang'onopang'ono, bowo limakula, ndipo kuukhomanso sikuthandiza. Ndimaboola mwendo, ndimalowetsamo lilime la mtanda, kenako bawuti ya mamilimita 10 yotulukira kuseri, washa mbali zonse ziwiri. Guluu sindimukana, koma bawuti ili ndi ubwino wina: tsiku limene mwini malo wati musamuke, mumamasula zonse n'kukweza pa kabaza.

Zonsezi zimapereka kulimba. Kulemera kumabwera ndi mchenga, ndipo apa ndi pamene anzanga amandiseka. M'munsi, mainchi 6 kuchokera pansi, ndimapanga bokosi lautali ngati sitandi yomwe, lokhala pamitanda osati lolendewera pamisomali. M'menemo ndimagonekamo matumba atatu a feteleza odzaza ndi mchenga wa kumtsinje. Uyenera kuyanikidwa padzuwa kaye, chifukwa wonyowa umawoletsa bokosi ndipo umaitana chiswe. Ena amaikamo njerwa kapena zitsulo zakale. Zimalemera inde, koma zimagundana n'kumaphokosera, pamene mchenga umameza kugwedezeka chifukwa timiyala take timakhudzana tokhatokha. Ndipo ukhale m'munsi. Kulemera kwa m'mwamba kumangothandiza sitandi kugwa.

Mnansi wanga wokhoma mabedi atandiona ndikulowetsa matumbawo anati, "Achimwene, bizinesi yavuta mpaka mwayamba kugulitsa mchenga?" Sindinamuyankhe. Ndinamangapo chipika, ndinaika kapu ya madzi pamtanda wa pamwamba, n'kuyatsa. Madzi anangochita timphete ting'onoting'ono, kapu osasuntha. Ndinamuuza kuti atulutse thumba limodzi, kenako lachiwiri. Lachitatu lisanatuluke kapu inali itayamba ulendo wopita kumphepete.

Mota ndimaiika kumbuyo chakumunsi, pathabwa la mahinji, kuti kulemera kwake komweko kuzikoka lamba. Mukafuna kusamutsa lamba papuli ina, mumangonyamula thabwalo ndi dzanja limodzi. Mota zambiri zimene timapeza zimazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, liwiro labwino pamiyendo ya mipando koma loopsa pambale. Osema mbale ali ndi kawerengedwe kawo: kukula kwa chipika m'mainchi mukakuchulukitsa ndi liwiro, yankho likhale pakati pa 6,000 ndi 9,000. Ndiye kuti mbale ya mainchi 12 imafuna pakati pa 500 ndi 750, ndipo poyambira, chipika chikadali ndi ngodya, kutsika apo n'kwabwino. Puli ya mainchi 2 pamota ndi ya 6 pashafti zimakupatsani pafupifupi 470. Sitandi iyenera kusiyira mapuli amenewa malo kuyambira pachiyambi, osati kudzaisema pambuyo. Pamwamba pa mota ndimatchinga ndi kalata kopendeka kuti utuchi uzitsetsereka, koma m'mbali ndimasiya poyera kuti izipuma. Swichi ikhale kutsogolo, pafupi ndi ntchafu, poti mungazimitse osadutsitsa mkono pamwamba pa mtengo umene ukuzungulira.

Pali ena amadula tayala lakale n'kuika pansi pa miyendo. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa labala wochindikala amapatsa makina podumphira. Sitandi iponde pasimenti. Ngati shedi ndi yadothi, thirani kasilabu pamalo pokhapo, ndipo kunsi kwa miyendo pakani oyilo wakutha wa galimoto chifukwa cha chiswe.

Pansi sipakhala posalala ndithu, ndipo mwendo umodzi ukalendewera sitandi imapotoka, lathe nayo n'kupotoka. Poyesa, ndimasendeza mchira mpaka nsonga yake ikumane ndi ya kumutu. Zikaphonyana, ndimakhomera kamphero kopyapyala pansi pa mwendo umene ukusewera, pang'onopang'ono, mpaka zitapsompsonana. Izi ndimazibwereza mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake, chifukwa matabwa amafota ndipo manati amamasuka. Ndimatenga sipanala n'kuzungulira mabawuti onse, kuyambira a miyendo, kumalizira ogwira lathe pamitanda.