Mtendere Sumangidwa pa Mantha



Pa 9 Ogasiti 1945, Akhristu a parishi ya Urakami mumzinda wa Nagasaki ku Japan ankakonzekera chaka cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria. Ansembe awiri anali m'tchalitchi kulapitsa anthu. Nthawi itangopitirira pang'ono 11 koloko m'mawa, bomba la nyukiliya linaphulika mlengalenga, pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera patchalitchicho, ndipo onse amene anali m'katimo anafera pomwepo. Mwa Akatolika pafupifupi 12,000 a dera limenelo, oposa 8,000 anatisiya. Awa anali zidzukulu za anthu amene anasunga chikhulupiriro chawo mobisa kwa zaka zoposa 200, pamene Chikhristu chinali choletsedwa m'dziko lawo. Masiku atatu izi zisanachitike, bomba lina linali litagwetsedwa pamzinda wa Hiroshima. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho, anthu oposa 200,000 anali atafa m'mizinda iwiriyi.

Wina angafunse kuti: kodi ife, amene nkhawa zathu ndi fizi, ntchito ndi mtengo wa chimanga, tikuvutikiranji ndi zida za mayiko akuluakulu? Funsoli n'lomveka, koma nkhaniyi si yakutali monga momwe timaganizira. Mwala wa yureniyamu umene unathandiza kupanga mabomba oyambawo, wambiri unakumbidwa kuno ku Africa, pamgodi wa Shinkolobwe m'dziko la Congo. Mu 1960 dziko la France linayesera bomba lake loyamba m'chipululu cha Sahara ku Algeria. Ndipo tonse tinaona mmene nkhondo ya ku Ukraine, kuyambira mu 2022, inakwezera mtengo wa feteleza ndi mafuta mpaka kumidzi kwathu. Ngati nkhondo ya mfuti ndi akasinja inafika m'minda yathu chotero, nanga ya nyukiliya? Akatswiri a sayansi amachenjeza kuti utsi wa mizinda yoyaka ungaphimbe dzuwa, kuziziritsa dziko ndi kuchepetsa zokolola ngakhale m'mayiko amene sanaponye bomba ndi limodzi lomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayiko amene ali ndi zida zimenezi ndi asanu ndi anayi: America, Russia, Britain, France, China, India, Pakistan, North Korea ndi Israel, ngakhale kuti Israel savomera kapena kukana poyera. Onse pamodzi ali ndi mabomba pafupifupi 12,000, ndipo ochuluka zedi ali m'manja mwa America ndi Russia. Iwo amati zidazi si zomenyera nkhondo koma zoletsa nkhondo. Maganizo ake ndi otere: ngati mdani wanga akudziwa kuti akandiwombera nanenso ndimuthera anthu ake onse, sangayerekeze kuyamba. Kotero mantha a mbali zonse ziwiri ndi amene amasunga bata.

Tiyenera kuvomereza kuti chiyambire 1945 bomba la nyukiliya silinaponyedwenso pankhondo. Komabe bata logona pa mantha lili ndi chilema chachikulu: limafuna kuti pasakhale munthu kapena makina olakwitsa, tsiku lililonse, mpaka kalekale. Pa 26 Sepitembala 1983, makompyuta a dziko la Soviet Union anaonetsa kuti America yaponya mizinga. Msilikali amene anali pantchito usiku umenewo, Stanislav Petrov, anaganiza mofatsa nauza akuluakulu ake kuti makinawo akunama. Analondola: kunali kuwala kwa dzuwa pamitambo kumene kunasokoneza makinawo. Tsogolo la anthu mamiliyoni ambiri linatsamira pa kudekha kwa munthu mmodzi. Kodi mtendere wotere tingautche mtendere?

Mpingo wathu unayankha funso limeneli pa nthawi imene dziko linatsala pang'ono kupsa. Mu Okutobala 1962, America itazindikira kuti Soviet Union yaika mizinga pachilumba cha Cuba, kwa masiku 13 a Kennedy ndi a Khrushchev anayang'anizana ngati atambala awiri m'khola limodzi. Pa 25 Okutobala, Apapa John XXIII analankhula pa wailesi ya Vatican, kuchonderera atsogoleriwo kuti amve kulira kwa anthu ndipo asaleke kukambirana. Miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, pa Lachinayi Loyera, 11 Epulo 1963, ali odwala kale, anatulutsa kalata yawo yotchedwa Pacem in Terris, kutanthauza Mtendere Padziko Lapansi. Sanailembere Akatolika okha koma anthu onse akufuna kwabwino. M'kalatamo anapempha kuti mpikisano wa zida uthe, kuti mayiko achepetse zida zawo mofanana ndiponso pa nthawi imodzi, kuti zida za nyukiliya ziletsedwe, ndi kuti pakhale njira yeniyeni yoonera ngati aliyense akusunga lonjezo lake. Anaphunzitsanso kuti maziko a mtendere si kufanana kwa zida koma kukhulupirirana.

Apa m'pamene pali phunziro la sabata ino. Ambiri amaganiza kuti kutula zida kumadikira tsiku limene adani adzayambe kukondana. Mbiri ikutiuza zosiyana. Zida zinachepa pamene anthu osakhulupirirana anavomera kuwerengana ndi kuyenderana. Taganizani za bokosi la banki m'khonde. Limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa pamaso pa gulu lonse. Palibe amene amati malokowo ndi chipongwe kwa msungichuma. Amateteza ndalama, amatetezanso mbiri yake. Gulu likayenda chomwechi kwa zaka zingapo, anthu amayamba kukhulupirirana zenizeni. Chikhulupiriro chimamera pamene anthu alola kuonedwa.

Mapangano ochepetsa zida amagwira ntchito m'njira yomweyo. Pa 8 Disembala 1987, a Ronald Reagan ndi a Mikhail Gorbachev anasainirana pangano lotchedwa INF, lothetsa mizinga yonse yoponyedwa kuchokera pamtunda imene inkatha kuuluka makilomita 500 mpaka 5,500. Pofika mu 1991 mizinga 2,692 inali itaphwanyidwa, mbali inayo ikuonerera. Akatswiri a ku America anakhala zaka 13 pachipata cha fakitale ya mizinga ya ku Votkinsk ku Russia, kuyang'ana zotuluka m'menemo, pamene anzawo a mbali inayo ankachita chimodzimodzi ku Magna m'chigawo cha Utah. Cha m'ma 1986 padziko lapansi panali mabomba pafupifupi 70,000. Kuchoka pamenepo kufika pa 12,000 si ntchito ya angelo ayi. Ndi ntchito ya anthu okayikirana amene anatsegulirana zitseko.

Chitsanzo china chili pafupi nafe. Boma la tsankho la ku South Africa linapanga mwachinsinsi mabomba asanu ndi limodzi, ndipo lachisanu ndi chiwiri linali m'kati mopangidwa. A F. W. de Klerk analamula kuti aphwasulidwe. Mu 1991 dzikolo linalowa m'pangano loletsa kufala kwa zida za nyukiliya, ndipo mu Malichi 1993 iwo anaulula zonsezi m'nyumba ya malamulo. Akatswiri a bungwe la IAEA, limene limayang'anira za nyukiliya padziko lonse, anabwera kudzatsimikiza kuti zidazo zathadi. Zolinga za boma limenelo anthu amatsutsana nazo mpaka lero, pakuti ena amati silinkafuna kusiyira mabombawo boma la anthu akuda. Ngakhale zili choncho, mabombawo kulibe, ndipo boma la a Nelson Mandela silinawafunenso. Mu 1996 mayiko a mu Africa anasainirana ku Cairo pangano lakuti Africa yense akhale wopanda zida za nyukiliya, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2009. Analitcha Pangano la Pelindaba, dzina la malo a kafukufuku wa nyukiliya pafupi ndi Pretoria.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nyumba imene inamangidwa movutikira chonchi yakhala ikugumuka. Mu 2002 America inatuluka m'pangano la 1972 lochepetsa zida zotchingira mizinga. Mu 2019 pangano la INF linatha, America ikunena kuti Russia yaliphwanya, Russia ikukana. Pangano la New START, limene a Obama ndi a Medvedev anasaina ku Prague mu 2010, linalola mbali iliyonse kukhala ndi mabomba akutali osapitirira 1,550 okonzeka kuponyedwa, ndi kuyenderana ka 18 pachaka. Kuyenderanako kunaima mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mu 2021 analiwonjezera zaka zisanu zomaliza, kulekezera pa 5 Febuluwale 2026, koma mu 2023 Russia inalengeza kuti yaimitsa kutenga nawo mbali. Kuyenderana kukatha, aliyense amayamba kulingalira zoipitsitsa za mnzake, ndipo amapanga zida molingana ndi mantha ake, osati molingana ndi zimene waona.

Tisabise funso lovuta limene ena mwa inu ali nalo. Mu 1994 dziko la Ukraine linavomera kupereka zida za nyukiliya zimene zinatsala m'dziko lake Soviet Union itagawikana, ndipo ku Budapest mayiko a Russia, America ndi Britain analonjeza kulemekeza malire ake. Mu 2014 Russia inalanda chigawo cha Crimea, ndipo mu 2022 inalowa ndi nkhondo yaikulu. Kodi wotula zida si amene amadyedwa? Bala limeneli ndi lenileni, ndipo sitingalipoletse ndi mawu okoma. Koma tilingalire kumene yankho linalo likutitengera. Dziko lililonse likanena kuti chitetezo chake ndi bomba, zala zogwira batani zidzachuluka, ndipo tsiku lina padzakhala msilikali wopanda kudekha kwa Petrov. Chimene chinalakwika ku Ukraine si kutula zida, koma kuphwanya lonjezo. N'chifukwa chake Apapa John XXIII sanauze dziko limodzi kuti livule lokha. Ananena za kuchepetsa kwa onse pamodzi, koyang'aniridwa bwino.

Chiphunzitso cha Mpingo pankhaniyi chakhala chikukhwima. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu 1965, unatsutsa kotheratu nkhondo yowononga mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake, ndipo unati mpikisano wa zida umapweteka kwambiri amphawi. Mu 1982 Apapa John Paul II, m'uthenga wawo ku United Nations, anati kusunga zida pofuna kuopseza mdani kungaloledwe kokha ngati sitepe yopita ku kutula zida, osati ngati mathero. Patapita zaka 35 sitepeyo itasanduka malo okhala, malemu Apapa Francis mu 2017 anatsutsa osati kugwiritsa ntchito zidazi kokha, komanso kukhala nazo kumene, ndipo anabwereza zomwezo ku Hiroshima mu Novembala 2019. M'chaka cha 2017 chomwecho mayiko 122 anavomereza pangano loletseratu zida za nyukiliya. Vatican inali m'gulu la oyamba kulivomereza mwalamulo, linayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo Malawi inalivomereza mu 2022. Mayiko asanu ndi anayi aja sanalowemo. Mu 2024 anagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 100 biliyoni pa zida zimenezi, chaka chimene anthu a chigawo chino ankalira ndi chilala.

Nanga ife tichitenji? Sitikhala pamisonkhano ya ku Geneva kapena ku New York, komabe sitili manja lende. Choyamba, tidziwe. Wachinyamata amene angathe kufotokoza Pangano la Pelindaba sanyengedwa ndi mafilimu ndi nyimbo zotamanda mfuti, kapena ndi mauthenga a pafoni osekerera nkhondo ngati mpira wa matimu awiri. Chachiwiri, nkhaniyi tiibweretse m'miphakati yathu ndi m'magulu a Chilungamo ndi Mtendere, makamaka pa 1 Januwale, tsiku limene Mpingo umapempherera mtendere kuyambira mu 1968, ndi pa 26 Sepitembala, tsiku limene United Nations inapatula kuti tizikumbukira za kuthetsa zidazi. Chachitatu, tizolowere kuonedwa. Msungichuma wa gulu lathu atsegule mabuku asanafunsidwe. Amene wasungira mnzake chidani apite kukakambirana naye pamaso pa mboni, osadikira kuti mtima uyambe wazizira. Anansi athu a ku Mozambique anatiwonetsa kuti zimatheka: pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992, mipingo kumeneko inayamba kulandira mfuti ndi kupereka makasu, njinga ndi makina osokera m'malo mwake, monga mneneri Yesaya anaoneratu m'mutu wachiwiri wa buku lake.

Sabata ino, popemphera Korona m'mabanja ndi m'miphakati, tiyeni tipereke khumi limodzi chifukwa cha atsogoleri a mayiko asanu ndi anayi aja, kuti abwerere pagome la zokambirana ndi kutsegulirananso zitseko. Tikumbukirenso mizimu ya onse amene anafa ku Hiroshima ndi ku Nagasaki. Amayi Maria, Mfumukazi ya Mtendere, atipempherere.