Tinapalasa Pakati pa Mbidzi

Mkangano unayamba tisananyamuke n'komwe. Ena ankati tipite pa Sabata masana, popeza kuona chilengedwe ndi kupembedza ndithu. Ena anakana, nati pachipata pamafunika ndalama, ndipo pa Sabata sitigula kanthu. Mkulu wa mpingo amene tinamupempha nzeru anangoti, "Ana anga, mukufuna kukaona ntchito za Mulungu, kapena kukathamangitsana?" Tinayang'anizana. Tinapita tsiku loyamba la sabata.

Kuti Wildlife Reserve ili kufupi ndi tauni ya Salima, ulendo wosakwana ola kuchoka ku Senga Bay. Ndi malo otchingidwa ndi mpanda, a mahekitala pafupifupi 2,000. Mulibe mikango ngakhale njovu, n'chifukwa chake munthu amaloledwa kuyendamo wapansi kapena panjinga.

Kunena zoona, tinaseka titamva kuti anthu amalipira kuti apalase njinga. Kwathu njinga ndi ya kuchigayo, ya kuchipatala, ya kabaza. Ambiri a ife tinalimbikira sukulu kuti tsiku lina tidzaitsanzike. Ndiye lero tiilipirire?

Njira yake ndi yadothi, yopanda zitunda zoti n'kudandaula nazo. Anyamata anayamba ndi liwiro, monga mkulu uja ananenera. Sanapite patali. Ofika pamchenga oyamba anagwira buleki yakutsogolo, teyala linazama, awiri n'kugwa chagada. Mlongo wina wa ku Nkhotakota, amene anakulira pamchenga, ndiye anatiphunzitsa: tsitsani giya, musaumitse manja, ndipo musasiye kupalasa ngakhale njinga ikuvina. Amuna aja anamvera mwakachetechete, akusasa fumbi m'mabondo.

Kwa nthawi ndithu sitinaone nyama iliyonse kupatula apusi. Tinayamba kung'ung'udza kuti ndalama zapita pachabe, osadziwa kuti vuto linali pakamwa pathu. Dzuwa la ku Salima litatiphwetsa, nkhani zinatha, kunangotsala kulira kwa matcheni. Pamenepo, titakhota pa mtengo wina, tinangoona mbidzi zili chilili pakati pa njira.

Tonsefe tinakhozapo mayeso okhudza mbidzi. Ena tinaijambulapo pabolodi pophunzitsa ana a Pathfinder. Koma palibe buku limene linatiuza kuti ndi yonenepa chotero, kuti khungu lake limanjenjemera ntchentche ikatera, kapena kuti imayang'ana munthu nthawi yaitali osachita manyazi. Tinaima phazi limodzi lili pansi, osatulutsa ngakhale foni. Zitakhuta kutiona, zinalowa m'tchire mosafulumira. Patsogolo pake tinaona nyumbu, kenako mphalapala yamphongo, yakuda bii, nyanga zake zitapindikira kumsana. Wina ananong'ona kuti Adamu anali ndi ntchito yokoma, yotcha maina zinthu zoterezi. Palibe anamuseka.

Tinatuluka pachipata tili alaliki a chilengedwe. M'minibasi aliyense ankadzudzula anthu odula mitengo, makamaka poona mmene kunja kwa mpanda kwayerera. Tili m'kati mwa ulalikiwo tinapitirira abambo atatu akukankha njinga za makala, matumba atasanjikizana pakaliyala mpaka kupitirira mutu, malaya atanyowa ndi thukuta. Mmodzi wa ife anati, "Si awo adani a nkhalango."

Mbale wina amene anakhala chete ulendo wonse anayankha osatembenuka. "Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa kaliyala ngati ameneyo. Bambo anga msana unatha."

M'galimoto munangoti zii. Ife tinali titapalasa maola awiri opanda katundu, miyendo n'kumawawa kale. Ndipo posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa kalasi, kuphunzitsa za kuipa kodula mitengo, ana a abambo ngati amenewa atakhala pa benchi yoyamba. Tidzayamba ndi mawu ati? Tinakambirana mpaka kufika kunyanja. Ena ankati choona n'choona, chinenedwe basi. Ena ankati mphunzitsi amene sanafunsepo mtengo wa thumba la makala, ndi kumene ndalamayo imapita, asafulumire kutsegula pakamwa. Sitinagwirizane.

Ku Senga Bay tinatsuka fumbi m'miyendo, n'kuyitanitsa nsima. Mayi wogulitsa anatilozera kampango, ife tinapukusa mitu n'kusankha chambo cha mamba ake. Anachiwotcha tikuona, pambaula ya makala. Mbale uja ndiye anapempherera chakudyacho.