Za Kukometsa Nyumba ndi Manja Athu

Ndifuna kulankhula nanu, anzanga ndi aphunzitsi athu, za kanthu kamene ambiri a ife tikayesa kachabe. Ife ana a sukulu tikamva mau akuti "nyumba yokongola", maganizo athu athamangira ku mipando ya sofa, makatani a m'sitolo ndi maluwa a pulasitiki. Popeza zimenezi zifuna ndalama, ndipo ndalama za makolo athu zithera ku ufa, sopo ndi yunifolomu zathu, tingoti kukongola kwa nyumba nkwa anthu olemera. Ndidziwa anzathu ena amene salola mnzao kuwaperekeza mpaka pakhomo. Amtsazikira pa mseu chifukwa achita manyazi kuti angaone m'mene muliri m'nyumba mwao. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, pakuti akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tsono ndifuna kukuuzani zimene tinachita kwathu, kuti kapena wina angatolepo nzeru.

Ife a ku Zomba tiri ndi mwai woposa anzathu ambiri. Pamwamba pathu pali phiri lalikulu, limene nsonga yake ya Malumbe ipitirira mamita 2,000, ndipo liri ndi mitengo ya paini, nsungwi ndi udzu wa mitundumitundu. Kum'mawa kwathu kuli nyanja ya Chilwa ndi madambo ake, kumene kumera bango ndi njedza. Pakati pali tauni yathu, imene inali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, ndipo muli matelala pa makonde, magolosale ndi msika waukulu, amene tsiku liri lonse ataya zidutswa za nsalu, makatoni ndi zitini. Munthu wa manja abwino apeza zonse zokometsera nyumba m'malo atatu amenewa.

Kwathu ndi ku Chinamwali, m'nyumba ya njerwa zosaotcha ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Bambo anatisiya ndiri ku pulaimale, ndipo amai atilera ndi malonda a tomato ndi anyezi. Pa tchuthi chachikulu cha chaka chatha tinalandira mau akuti chinkhoswe cha achemwali anga chidzakhala pakutha pa masabata anai, ndi kuti akuchimuna adzachokera ku Blantyre. Amai anasowa tulo. Anayang'ana pansi pokumbikakumbika ndi makoma akuda ndi utsi, nati adzatenga katapila kuti agule kapeti ndi makatani, kuopa kuti alendo angapeputse mwana wao. Mudziwa nonse kuti ngongole ya katapila ikula msanga ngati dzungu, ndipo yathetsa malonda a anthu ambiri.

Mwamwai agogo anafika sabata lomwelo kuchokera kwao kufupi ndi Kachulu, atasenza mphasa ziwiri za bango zimene anasoka okha. Atamva nkhaniyo anati, "Mwana wanga, alendo adzakhala pano tsiku limodzi, koma mwini ndalama adzabwera pakhomo pano miyezi yonse. Ndipatse adzukulu angawa masabata atatu, ndipo iwe uzipita ku msika monga mwa masiku onse." Amai anavomera, ngakhale nkhope yao inaonetsa kuti akukayika.

Nchito yoyamba inali kuzira. Anzathu obadwira m'nyumba za simenti kapena sadziwa m'mene nchitoyi ichitikira, tsono ndifotokoze. Mtsiro ndi dothi lakuda losalala la kudambo. Tinakatenga ndowa zisanu, ndipo tinauviika m'madzi usiku wonse, nkuchotsamo timiyala ndi mizu. M'mawa tinasesa, kuwaza madzi pansi, ndi kutseka maenje ndi dothi wamba. Pozira muyambira ku ngodya ya kutali ndi chitseko, mutagwada, ndi kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, chikhatho chikuyenda mokhota ngati utawaleza, kuti mizere igonerane bwino. Dothi likayamba kuuma koma likadali lozizira mukaligwira, mutenga nkhulungo, ndiwo mwala wosalala wa kumtsinje, ndi kukulungiza mpaka pansi pawale. Apa mpamene pafunika kupirira. Maondo apweteka ndipo mkono ulema, koma agogo anali kutikumbutsa kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lachitatu pansi panali posalala kotero kuti mwana wa pafupi nafe anayesa kuti tathira simenti.

Makoma anapaka laimu mlongo wanga wamng'ono, amene ali Sitandade 8. Atauma, tinakhoma misomali iwiri ku ngodya ndi kumanga chingwe pa msinkhu wa bondo kuti mzere uongoke. Kunsi kwa chingwe tinapaka mtsiro wosakaniza ndi makala osinja, chifukwa ndi kumene kumadetsedwa ndi mapazi ndi tsache. Pamwamba pake tinajambula tingodya tonga mano a macheka ndi katondo, dothi lofiira limene sitinachite kulifunafuna, pakuti liri kuseri kwa nyumba yathu. Tinachita chimodzimodzi pa khonde, ndipo anthu opita ku chigayo anayamba kuima pa njira ndi kuyang'ana.

Nchito yachiwiri, imene inatenga masiku ambiri, inali chopondera cha pabalaza. Ndinapita kwa telala wina wosoka pa khonde la sitolo m'tauni ndi kupempha zidutswa za zitenje. Anandipatsa thumba lodzaza osafuna kanthu, nati akadangoziotcha. Kapangidwe kake ndi aka. Mutsuka bwino matumba awiri a feteleza kapena a chimanga, kuwatambasula ndi kuwasokera pamodzi. Mujambulapo ndi khala chimene mufuna kuti chioneke. Ife tinajambula nyenyezi pakati. Kenaka mudula nsalu m'timizere, m'lifupi zala ziwiri, m'litali ngati chikhatho. Mupinda kawaya kolimba kuti kakhale ngati mbedza, mukalowetsa pansi pa ulusi uwiri kapena utatu wa thumba, mukoka kansalu ndi kumanga mfundo imodzi. Mfundo zikhale zoyandikana kwambiri, pakuti zikatalikirana thumba lioneka ngati mutu wa chipere. Nsalu zakuda ziikidwe m'mphepete, kumene mapazi afumbi ayamba kuponda, ndipo zowala pakati.

Tinali anthu anai, ndipo tinamanga madzulo ali onse titatha kudya, kwa masiku khumi ndi awiri. Masiku amenewo ndidzawakumbukira nthawi yaitali. Zala zikugwira nchito, agogo anatisimbira za ubwana wao, za m'mene Chilwa inaumira mu 1968 mpaka anthu anayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, ndiponso anawalangiza achemwali za banja m'mau ophiphiritsa amene ife ana tinamvako theka lokha.

Mlongo wanga anati kumanga nsanza si nchito ya mnyamata, tsono anadzisankhira ya chithunzi cha pakhoma. Anasenda makoko ouma a pa thunthu la nthochi. Mukawayang'anitsitsa muona kuti sali a mtundu umodzi: ena ngoyera ngati mchenga, ena ngofiirira, ena ali ndi mawanga akuda. Anawanyowetsa pang'ono ndi kuwapsinja pansi pa mphasa usiku wonse kuti aongoke. Zomatira tinaphika tokha: masupuni awiri a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi ozizira, ndi kutakasa pa moto wochepa kufikira phalalo litayamba kunanda. Pa katoni ya ku golosale anamata makoko oyera kukhala thambo, akuda kukhala phiri la Zomba monga lionekera pa bwalo pathu, ndipo kunsi anaika bwato ndi msodzi wolikankha ndi nsungwi yaitali, monga achitira pa Chilwa chifukwa nyanjayo njosazama. M'mbali anazinga ndi nsungwi zong'alula. Chenjezo nlakuti mphemvu zikonda phala limeneli, chotero mulipake mopyapyala, muumitse chithunzi padzuwa tsiku lathunthu, ndipo musachipachike kufupi ndi kumene musunga zakudya.

Zina zinali zazing'ono ndi zosachedwa. Zitini za mkaka ndi mabotolo opanda nchito tinazikulunga ndi chingwe cha khonje, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo zinasanduka zoikamo maluwa ndi masupuni. Zikho ziwiri zomwera thobwa agogo anazilemba mizere ndi msomali wotentha. Pa zenera tinapachika chitenje chakale cha amai, titadula malo ong'ambika ndi kusokerera mpendero wa nsalu ina.

Loweruka lotsiriza ine ndi mlongo wanga tinakwera phiri kudzera njira yotchedwa Potato Path. Tinayamba tapempha chilolezo kwa alonda a nkhalango, chifukwa phirilo nlotetezedwa ndi boma, ndipo tinatola zogwa zokha: zipatso zouma za paini ndi masamba ake aja onga singano. Zipatsozo tinaziunjika m'kalichero pa tebulo. Masambawo tinawaviika m'madzi otentha kuti afewe, nkuwagwira kamtolo konenepa ngati pensulo, kukazunguliza monga nkhata ndi kusoka mzere uli wonse ku unzake ndi ulusi wolimba. Tinapeza poikapo ketulo ya tiyi, ponunkhira bwino pakatentha.

Ulendo umenewo unandipatsanso maganizo ena. Phiri limeneli nlokongola kotero kuti anthu akulu a maiko akutali anabwera kudzaliona, ndicho chifukwa chake kuli malo otchedwa Queen's View ndi Emperor's View, okumbutsa amai a Mfumukazi ya ku Britain ndi Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Koma ife tinaona zitsa zambiri ndi malo akupsa ndi moto wolusa. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi itenga madzi a m'phiri kupita nao ku Chilwa, nyanja imene iribe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaumanso mu 1995 ndi mu 2018 mvula itachepa. Tikalimeta phiri mpala, dothi likokoloka ndi kukakwirira madambo kumene kumera bango la mphasa za agogo. Chotero wofuna kukometsa nyumba yake atole zogwa, asathyole nthambi, asazule maluwa a m'thengo, ndipo asasiye moto m'mbuyo.

Tsiku la chinkhoswe alendo anafika pa minibasi yodzaza. Azakhali a alamu anga atafika pa chitseko anaima, navula nsapato, nati sangaponde chinthu chokongola chotere ndi fumbi la pa mseu. Atakhala pa mphasa anayang'ana makoma, chithunzi ndi zikho, ndipo anafunsa amai kuti, "Kodi apongozi, zimenezi munagula sitolo iti? Ife ku Blantyre sitinazione." Amai asanayankhe, agogo anatambasula zikhatho zao zonse ziwiri nati, "Sitolo yake ndi iyi, mai." Nyumba yonse inaseka, ndipo amai anga, amene anali chete kuyambira m'mawa, ndiwo anayamba nthungululu.

Pa nchito yonseyi tinagula zinthu zinai zokha: laimu, misomali, ulusi ndi chingwe cha khonje. Ndalama zimene amai anasunga zinagula nkhuku ndi mpunga wa alendo, ndipo palibe munthu amene wabwera pakhomo pathu kudzalonjerera ngongole. Chopondera chija achemwali anapita nacho ku banja lao, ndipo ife tayamba kumanga china.

Anzanga, sindinena kuti umphawi ngwabwino, kapena kuti tisafune nyumba za malata ndi simenti. Tiri pa sukulu pano kuti tsiku lina tidzamangire makolo athu zoterozo. Koma tsiku limenelo likadali kutali, ndipo pakali pano amai athu agona ndi kudzuka m'nyumba zimene ali nazo. Kodi nkwabwino kuti mwana wodziwa kuyeza ngodya ndi kampasi m'kalasi alephere kuongola mzere pa khoma la kwao? Palinso china chondidetsa nkhawa. Agogo anga adziwa kuzira, kusoka mphasa ndi kulemba chikho, amai adziwa kuzira kokha, ndipo ine ndikadapanda chinkhoswe chija sindikadaona nkhulungo m'manja mwa munthu. Nzeru zimenezi siziri m'mabuku athu, ndipo okalamba akapita apita nazo.

Tsono ndipempha zinthu ziwiri. Kwa aphunzitsi athu, ngati nkotheka mutilole tsiku limodzi pa sabata, titaweruka, kuti tizisonkhana anyamata ndi atsikana ndi kuphunzitsana nchito zimenezi, tiyambe ndi kukometsa makalasi athu omwe. Kwa inu anzanga, pa tchuthi chikudzachi khalani pansi ndi agogo anu kapena wachikulire ali yense wa pafupi nanu, muwapemphe akuonetseni chinthu chimodzi chimene manja ao adziwa. Pobwera temu ya mawa ali yense atenge chimene wapanga, tidzaonetsane.

Mtsikana wa Fomu 3