Zimene kope langa silinandiuze za nyimbo za funk

Loweruka lililonse masana timakumana anthu asanu m'galaja ya mnzathu ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Palibe mwa ife amene amadyera kuimba. Woimba kiyibodi ndi namwino, wa gitala amagulitsa zipangizo za galimoto ku Limbe, wa lipenga ndi mphunzitsi, ine ndimaimba besi. Ng'oma amaomba bambo ena achikulire owotcherera zitsulo, amene tonse timawatchula kuti Amalume. Iwowa anabadwira ku Kitwe, kumene bambo awo ankagwira ntchito mumgodi, ndipo ndi amene anatikokera ku funk, nyimbo zimene anthu akuda a ku America anayambitsa m'zaka za m'ma 1960.

Nyimbo yoyamba imene tinasankha inali "Cissy Strut" ya The Meters, gulu la ku New Orleans, imene inatuluka mu 1969. Ndi nyimbo ya zida zokhazokha, ndipo poyamba ndinaiona ngati yosavuta. Ku yunivesite ndinaphunzira za ziyankhulo, kumene tinazolowera kumvetsera mawu ojambulidwa kambirimbiri n'kumalemba katchulidwe kake mosadumpha kanthu. Ndinachita chimodzimodzi ndi besi ya George Porter Jr. Kwa milungu iwiri ndinkaichedwetsa nyimboyo pafoni, kuibwereza, n'kulemba noti iliyonse m'kope. Nditamaliza ndinadziona kuti ndaigwira.

Tinaimba koyamba pagulu pachinkhoswe cha mlongo wake wa woimba gitala. Sitinalakwitse paliponse. Anthu anawomba m'manja mwaulemu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka pampando. Titangotsika, mnyamata wa zimbale anaika nyimbo yake, bwalo lonse n'kudzaza. Pobwerera ndinadandaula kuti anthu akuno sadziwa funk. Amalume anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati: "Mphwanga, waimba zonse zimene zili m'kope mwako. Koma ine sunandimve ngakhale kamodzi."

Loweruka lotsatira anandilanda kope lija. Anandiuza kuti ndiziimba noti imodzi yokha powerenga "wani", kenako ndizingodikira mpaka kuwerengako kutazungulira kubwereranso pa wani. Tinachita zimenezi pafupifupi ola lathunthu. Ndinachita manyazi, munthu wa digiri kuphunzitsidwa kuwerenga mpaka folo. Koma m'kudikirako ndinayamba kumva zimene sindinazimvepo: timagundidwe tating'ono timene dzanja lawo lamanzere linkaponya pakati pa kugunda kwakukulu, ndiponso mipata imene ankaisiya dala. Mipata imeneyo inali malo anga, ndipo ine nthawi yonseyi ndinkangothamanga pamwamba pake. Akuluakulu ananena kale kuti kuthamanga si kufika.

Zimene Amalume ankandiphunzitsazi ndi maziko amene James Brown anamangapo funk. M'nyimbo zambiri za nthawi imeneyo mphamvu inkagwera pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Brown anaumirira kuti bandi yonse izigwera limodzi pa kugunda koyamba. Zimenezi zimamveka kale mu "Papa's Got a Brand New Bag" ya 1965, ndipo zinakhwima mu "Cold Sweat" ya 1967, m'mene Clyde Stubblefield anaomba ng'oma. M'bandi yotere chida chilichonse chimasanduka ng'oma. Gitala imakanda zingwe mwachidule, malipenga amalasa kamodzi n'kukhala chete, besi imalowa pamene ng'oma yasiya mpata. Aliyense ali ndi kagawo kake kakang'ono, ndipo kukoma kumachokera m'mene tizigawoto talumikizirana. Amalume amakumbukira kuti Brown atabwera ku Zambia mu 1970 iwo anali mwana, koma azichimwene awo sanasiye kukamba za ulendowo. M'zaka zotsatira anakula akumva magulu ngati WITCH ndi Ngozi Family, choncho kagundidwe kameneka kanawalowa asanadziwe n'komwe dzina lake.

Ndili m'minibasi tsiku lomwelo ndinazindikira kuti phunziroli ndinalilembapo mayeso, ndipo ndinakhoza. Lembani mawu akuti "mtengo". Papepala ndi amodzi, koma pakamwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Lembaninso "ndimathandiza". Kodi ndikunena zimene ndimachita masiku onse, kapena zimene ndinali kuchita dzulo? Khutu lokha ndi limene lingakuuzeni, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Sikaonetsanso kuti tikafika kumapeto kwa chiganizo timakoka pang'ono phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. N'chifukwa chake mlendo amene waphunzira Chichewa m'buku amatha kutchula chilembo chilichonse molondola, ife n'kudziwabe pa mawu oyamba kuti si wakuno. Pachinkhoswe paja ine ndinali mlendo ameneyo. Kope langa linali ndi manoti onse. Linalibe utali wa noti iliyonse, nthawi yogwira chingwe kuti chileke kulira, ndiponso kupuma.

Ndalemba izi m'gulu lino chifukwa ife timakonda kutsutsana za kalembedwe. Timakangana za ŵ, za l ndi r, za dzina lakuti Chinyanja kapena Chichewa. Mikangano imeneyi ndi yofunika, ndipo inenso ndimalowamo. Koma ndikaganizira mwana wa mchemwali wanga amene akukulira ku Johannesburg, ndimaona kuti mabuku amene ndimamutumizira ali ngati kope langa lija. Adzamupatsa manoti. Kayimbidwe ka chiyankhulo adzakapeza pokhapokha atakhala ndi Amalume akeake, munthu woti azimumvetsera nthawi yaitali, n'kumamuyankha, n'kumalakwitsa pamaso pake.

Ndinaphunziranso kuti kuimba bwino nyimbo ya eni sikutanthauza kusanduka eniwo. "Cissy Strut" yathu simveka ngati ya ku New Orleans. M'manja mwa Amalume mumatuluka kafungo ka kalindula, ndipo mnzathu wa kiyibodi sabisika kuti anakulira m'kwaya ya kutchalitchi. Poyamba ndinkafuna kuti tizichotse zimenezi. Tsopano ndimaziona monga ndimaonera Chinyanja cha ku Chipata, cha ku Angónia ndi cha ku Dedza. Aliyense ali ndi lilime lake, koma tikakhala pamphasa imodzi timamvana ndipo timaseka pa nthawi yofanana. M'bandi namonso, chachikulu n'chakuti pa wani tigwere pamodzi.

Patatha miyezi isanu ndi itatu tinaitanidwa kuukwati ku Ndirande. Tinaimba nyimbo yomwe ija, ndipo ine ndinaimba manoti ochepa kuposa amene ndinalemba. Tili mkatikati ndinaona gogo wina akudzuka, mbale ya mpunga ili m'manja, n'kuyamba kugwedeza mapewa. Ndikukhulupirira kuti The Meters sanawamvepo chibadwire. Ena anamutsatira. Ndinacheukira kwa Amalume kuti ndione ngati aona, koma iwo anali atatsinzina, ndipo anangondigwedezera mutu pa wani.

Kope lija anandibwezera. Masiku ano timalipinda n'kuliika pansi pa mwendo wa sipika, chifukwa simenti ya m'galajamo ndi yosalingana.