M'mawa Mfuti, Masana Mbedza: Ulendo wa ku Mapiri a Ozark

Eminence ndi katauni ka anthu osakwana 1,000 m'chigawo cha Missouri ku America, koma kuyambira Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo kamadzuka 4 koloko usiku. Magetsi amayaka m'nyumba zogona alendo, amuna ndi akazi ovala zamawangamawanga amatuluka ndi makapu a khofi m'manja, ndipo magalimoto amanyamuka motsatana kulowera kumapiri. Tsikuli ndi limene boma limatsegula nyengo yosaka nkhukundembo zam'tchire, ndipo imatenga milungu itatu yokha. Mwatsoka, kapena mwina mwamwayi, milungu yomweyo ndi imene nsomba zimayamba kudya bwino m'mitsinje ya Current ndi Jacks Fork.

Amene anandiperekeza anali bambo wina wa imvi zake, wobadwira komweko. Kumbuyo kwa galimoto yake kunali mfuti m'chikwama, ndodo ziwiri zowedzera ndi bokosi la madzi oundana. Nditaziona ndinaseka.

"Bambo, kwathu amati mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero, n'kuwamasulira tanthauzo lake.

"Kwerani, mnzanga," anayankha. "Ikakwana 1 koloko masana mundiuzenso mwambi wanuwo."

Tinatsika ndi msewu wa nambala 19 kulowera kumwera, kudutsa tauni ya Winona, kenako n'kupatukira m'kamsewu ka miyala kolowa mu Mark Twain National Forest. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1939 ndipo ndi yaikulu maekala pafupifupi 1.5 miliyoni. Kumva chiwerengerochi munthu angaganize kuti malo ndi ochita kusankha. Koma nkhalangoyi si imodzi yogwirana. Ndi zigawozigawo zosakanikirana ndi minda ya anthu. Komanso malo oposa 90 peresenti a m'chigawo cha Missouri ali ndi eni ake. Nyali za galimoto zikawalira m'mbali mwa msewu, tinkaona mitengo ina yopakidwa penti wofiirira pathunthu pake. Pa lamulo la kumeneko, pentiyo ndi chikwangwani choletsa kulowa. Choncho aliyense amene alibe famu, kapena mnzake wa famu, amathera m'nkhalango ya boma yomweyi.

Pageti loyamba panali kale galimoto. Bambowo anangochepetsa liwiro, kusuzumira, n'kupitirira. Patsogolo panali ina yokhala ndi nambala ya ku Arkansas, kwinanso ya ku Illinois. Palibe lamulo la boma limene likanatiletsa kuimika yathu pambali pa iwowo, pakuti nkhalango ndi ya aliyense. Koma alenje ali ndi lawo losalembedwa: wafika poyamba, phirilo ndi lake m'mawa umenewo. Bambowo anadandaula kuti kale malo abwino ankadziwika ndi amene anawayenda ndi mapazi. Lero foni imaonetsa malire onse, tinjira ndi zigwa, moti mlendo wochokera kutali amafika pamalo enieni usiku wake woyamba.

Titapeza pokhota popanda galimoto, tinayamba kukwera phiri mumdima, tochi titazimitsa. Masamba ouma a mitengo ya oak amachita phokoso ngakhale munthu aponde mosamala chotani, ndiye tinkayenda pang'ono n'kuima. Tili pamwamba, kum'mawa kutayamba kuyera, bambowo anaika manja kukamwa n'kulira ngati kadzidzi. Kunali zii. Analiranso. Pompo kutsidya kwa chigwa kunamveka gululululu! Tambala wa nkhukundembo m'nyengo imeneyi magazi amakhala akuwira, moti phokoso lililonse ladzidzidzi, kaya la kadzidzi, khwangwala kapena bingu, amaliyankha asanaganize. Akatero wadziulula yekha mtengo umene wagona.

Tinasendera kufupi n'kukhala pansi, aliyense atatsamira mtengo waukulu woposa mapewa ake. Bambowo anatulutsa kabokosi kamatabwa kotalika ngati chikhatho ndi theka, kokhala ndi chivindikiro chopaka choko kunsi kwake. Akakhuza chivindikirocho pamlomo wa bokosi, pamatuluka mawu enieni a thadzi. Ntchito yonse yagona pamenepa, ndipo ndi yovuta chifukwa imatembenuza chilengedwe. Mwachibadwa tambala amalira ali pamalo amodzi, thadzi ndi limene limapita. Mlenje amanyengerera tambalayo kuti achite zosemphana ndi zimenezo, ayende yekha kufikira mamita 35 kapena kucheperapo, pomwe mfuti ya machaka imapha bwino. Agalu, nyambo ya chimanga ndi makina olira okha, zonsezi n'zoletsedwa.

Tambalayo anayankha kangapo, ndipo tinamumva akutsika mumtengo, mapiko phuphuphu. Kenako kumanzere kwathu kunamveka thadzi lina. Linkalira mokweza kwambiri, mosapumira, ndiponso likuyandikira. Bambowo anatsitsa mfuti n'kupukusa mutu. Posakhalitsa tinaona chipewa chikuyenda pakati pa mitengo. Iwo sanaimirire kapena kukweza dzanja. Anangofuula ndi mawu onse: "Pali anthu pano!" Munthuyo anaima, kupepesa, n'kubwerera kumene anachokera. Tambala uja sanamvekenso.

Pambuyo pake anandifotokozera chifukwa chofuulira. M'nkhalango yodzaza alenje, dzanja logwedezeka m'tchire likhoza kuoneka ngati mbalame kwa munthu amene mtima uli m'mwamba. N'chifukwa chake savala chofiira, choyera kapena chabuluu, pakuti imeneyi ndi mitundu ya mutu wa tambala wa nkhukundembo. Ndipo mlenje wodziwa sanyang'amira kulira kwa thadzi, chifukwa nthawi zambiri "thadzilo" limakhala munthu mnzake atagwira mfuti.

Ndinkayembekeza kuti akwiya. M'malo mwake anatsegula fulasiki n'kundithirira khofi. "Ndikanakhala kuti ndabwerera mbalame yokha, bwenzi pano ndikutukwana," anatero. "Koma mtsinje uli apo, sukuthawa."

Tikudikira, anandikumbutsa kuti zimene tikulimbiranazi zinatsala pang'ono kutheratu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 makampani a matabwa anagwetsa paini wa m'mapiri amenewa, ndipo ku Grandin, osati kutali ndi pamene tinakhala, kunali fakitale yaikulu yochekera matabwa. Moto, ziweto zoyenda mwachisawawa ndi kusaka kopanda malire zinamaliza zotsalazo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, m'chigawo chonse munatsala nkhukundembo zosakwana 2,500. Kumasula zoweta kunalephereka, chifukwa mbalame yokulira m'khola sidziwa kuthawa chilombo. Chimene chinathandiza ndi kugwira zam'tchire zenizeni ndi ukonde woponyedwa ndi onga, makamaka ku Peck Ranch kum'mawa kwa Winona, n'kukazisiya m'maboma ena. Ntchitoyi inachitika kuyambira 1954 mpaka 1979. Pamene anatsegulanso kusaka mu 1960, anapereka masiku atatu okha, ndipo mbalame zimene zinaphedwa zinali 94. Mu 2004 zinaposa 60,000.

Cha m'ma 9 koloko tinayamba kumva magalimoto akulira kumunsi, anthu akubwerera kukadya. Bambowo anati imeneyi ndi nthawi imene amaikonda. M'mamawa tambala amakhala atazunguliridwa ndi mathadzi ake ndipo sasamala za bokosi la munthu. Dzuwa likakwera, mathadzi amazemba mmodzimmodzi kukaikira mazira m'zisa zawo zapansi, tambala n'kutsala yekha. Pamenepo ndi pomwe amayankha msanga, komanso alenje ambiri amakhala atachoka.

Tinasamukira kuphiri lina, kudutsa mitengo ya dogwood yoyera mbee ndi maluwa. Panjira bambowo ankayang'ananso pansi, kufunafuna bowa wa morel amene amamera milungu yomweyi. Itadutsa 11 koloko, bokosi linayankhidwa. Tinakhala pansi msangamsanga. Panapita nthawi yaitali popanda kanthu, miyendo kuchita dzanzi, nkhupakupa ikukwawa pabondo langa koma osayerekeza kuichotsa. Kenako anatulukira pamwamba pa kachitunda. Mchira anautambasula wonse, mapiko akukwekwesa masamba, nthenga zikunyezimira ngati mkuwa padzuwa, ndevu yakuda ikulendewera pachifuwa. Mutu unkasinthasintha, pano woyera, pano wabuluu, khosi lofiira psuu. Anayenda masitepe ochepa, kutembenuka, kubwerera, akutulutsa mawu apansipansi omveka m'chifuwa osati m'khutu. Kwathu timaidziwa mbalameyi ili pakhomo, yonenepa ndi yaulesi. Iyi inali ina: yowonda miyendo, yochenjera, diso lake likusanthula mtengo uliwonse.

Anaima pamamita pafupifupi 60, akudikira kuti thadzi lionekere. Litapanda kuoneka, anapinda mchira, kutukula khosi, n'kutsetsereka kuseri. Bambowo sanaombe. Pamtunda wotere machaka amamwazika, mbalame imangovulala n'kukafera kutali. Anati tambala wa m'nkhalango ya boma akapulumuka sabata yoyamba amakhala atamva mabokosi amitundu yonse, ndipo saponda pamene maso ake sanatsimikize.

Itakwana 1 koloko anatulutsa zipolopolo n'kubweza mfuti m'chikwama. Pamalo a boma ku Missouri kusaka nkhukundembo m'nyengoyi kumayamba kutatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke ndipo kumatha 1 koloko masana. Kuyambira 2024 a m'minda ya eni amaloledwa kusaka mpaka dzuwa kulowa, koma m'nkhalango ya boma lamulo lakale likadalipo. Ena amaliona ngati chilango kwa osauka. Bambowo amaliona ngati mphatso, chifukwa limawagawira tsiku pawiri popanda iwo kuvutika mumtima kuti asiye chiti.

"Nanga mapanga anu aja?" anafunsa akuseka.

"Awa ndi oyandikana, bambo," ndinayankha.

Tinabwerera ku Eminence n'kudzera ku Alley Spring, kasupe wamkulu wokhala ndi chigayo chofiira chomangidwa mu 1894 pambali pake. Mapiri a Ozark ndi a miyala ya laimu yodzaza mapanga, ndipo madzi amvula amalowa pansi n'kukatulukira m'akasupe otere ali ozizira chaka chonse. Wamkulu koposa ndi Big Spring pafupi ndi Van Buren, amene amatulutsa malita oposa 1 biliyoni patsiku. Akasupewa ndi amene amachititsa kuti Current ndi Jacks Fork akhale oyera moti miyala yapansi imawerengeka. Mu 1964 boma linateteza makilomita oposa 200 a mitsinje iwiriyi pansi pa dzina la Ozark National Scenic Riverways, ndipo madamu amene ena ankafuna kumangapo sanamangidwe.

Tinawedza kufupi ndi Two Rivers, pomwe mitsinjeyi imakumana, titaima pachisumbu cha timiyala madzi akulekeza m'mawondo. Nyambo yake inali yapulasitiki yofewa, yofanana ndi tinkhanu ta mumtsinjemo. Bambowo anaiponya kumtunda kwa chipika chomira n'kuileka kuti itsike ndi madzi. Chingwe chinakungika, ndodo inapindika, ndipo nsomba yofiirira inadumpha m'mwamba kawiri isanafike m'manja. Inali smallmouth bass, yamizeremizere m'mbali, diso lofiira. Anaigwira pamlomo wapansi, kuchotsa mbedza, n'kuibweza m'madzi. M'mitsinje imeneyi nsombayi siitengedwa kuyambira pa 1 Malichi mpaka chakumapeto kwa Meyi, chifukwa ndi nthawi yoswana ndipo yamphongo imalondera mazira pachisa cha timiyala. Za ndiwo zinali zina zazing'ono zamaso akuluakulu zotchedwa goggle-eye, zokonda kubisala m'mizu.

Kumunsi kwathu kunali amuna ena atavalabe mabuluku amawangamawanga, nawonso ndodo m'manja. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene m'mawa amazembana pamageti, kumtsinje amachezerana. Amauzana nyambo imene ikugwira, amagawana zakumwa. Koma wina akafunsa kuti kwalira tambala kuti lero, aliyense amayankha chimodzimodzi: "Aa, kunali zii." Mtsinje umalandira anthu ambiri chifukwa nsomba yobwezedwa mawa igwidwanso ndi wina. Tambala ndi mmodzi paphiri, ndipo akaphedwa wapita. Ngakhale mwini dera saloledwa kupha oposa awiri m'nyengo yonse, mmodzi yekha m'sabata yoyamba, ndipo ayenera kudziwitsa boma pafoni kapena pa intaneti isanakwane 10 koloko usiku wa tsiku lomwelo.

Chiwerengero cha mbalamezi chatsika poyerekeza ndi cha 2004. Akatswiri a Missouri Department of Conservation akuti vuto lalikulu lili pa anapiye: thadzi limaikira mazira 10 kapena 12 n'kufungatira masiku 28, koma zisa zambiri zimaphwasulidwa ndi zilombo monga raccoon, ndipo anapiye oswedwa amasowa udzu woyenera wobisalamo ndi tizilombo todya. Ndalama zokonzera malo otere zimachokera kwa khamu lomwelo limene aliyense amadandaula nalo. Kuyambira 1937 mfuti ndi zipolopolo zili ndi msonkho wopita ku ntchito yosamalira nyama, kuyambira 1950 zida zowedzera nazonso, ndipo mu 1976 anthu a ku Missouri anavotera kamsonkho kapadera pa zogulagula. Galimoto imene yakutsekera geti ndi ya munthu amene walipira nawo nkhalangoyo.

Pobwerera ndinafunsa bambowo momwe amagawira milungu itatuyi. Anati Loweruka ndi Lamlungu mfuti satenga n'komwe, amasiyira ogwira ntchito m'mizinda amene alibe masiku ena. Kukacha ndi mphepo yamphamvu, tambala samveka, ndiye amapita kumtsinje tsiku lonse. Mvula ikagwa yambiri mtsinje n'kudzaza, amakhala kuphiri mpaka 1 koloko kenako n'kukazula bowa. Masiku ake enieni osaka ndi Lachiwiri mpaka Lachinayi, makamaka sabata yachiwiri ndi yachitatu pamene alendo achepa. Zaka zina amatha nyengo yonse osaomba mfuti.

"Ndiye simudandaula?" ndinafunsa.

"Amene amadandaula ndi uja amabwera ndi mfuti yokha," anatero. "Yemweyo ndi amene amaimika galimoto pambali pa yako."