Mbuzi Zitatu pa Khomo Lililonse

Ife amene timaphunzitsa njira za kafukufuku timaona kaŵirikaŵiri kuti ophunzira amathamangira masamu. Maganizo awo amakhala pa kuphatikiza ndi kugaŵa manambala, chonsecho ntchito yeniyeni imayambira pa funso limene munthu amapita nalo kumudzi.

Titenge chitsanzo cha kuno ku Chiradzulu. Mapepala ambiri a mafunso amayamba ndi lakuti, "Mutu wa banja lino ndani?" Lotsatira limati, "Kodi iyeyo ali ndi munda waukulu bwanji?" Wolemba mafunsoŵa anaganiza kuti munda ndi wa mwamuna. Koma m'midzi yambiri ya boma lino ukwati ndi wa chikamwini: mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi. Bamboyo mwina ali pantchito ku Limbe, amangobwera Loŵeruka. Wophunzira akalemba dzina lake ndi kuonjezera kuti "alibe munda", walemba bodza, ngakhale kuti palibe amene wamunamiza. Masamu onse amene adzachite pambuyo pake sangalichotse bodzalo.

Nchifukwa chake tisanawatumize ku Nguludi kapena ku Namitambo, timawauza kuti ayambe ayesa mafunso awo pa anthu asanu, mayankho abwere nawo m'kalasi. Pamenepo timakangana pa liwu lililonse. Liwu lakuti "banja" lokha limatidyera phunziro lathunthu: kodi ndi anthu odyera mphika umodzi, kapena ndi mbumba yonse? Timawakumbutsanso kuti Landeg White, polemba buku lake la Magomero la mu 1987, sanakhutire ndi zolemba za amishoni amene anafika kumeneko mu 1861. Anakakhala pansi ndi eni mudzi, amayi ndi abambo omwe, nawafunsa.

Za avareji timaphunzitsa ndi mbuzi. Tiyerekeze makomo 10: limodzi lili ndi mbuzi 30, ena 9 alibe ndi imodzi yomwe. Avareji imati khomo lililonse lili ndi mbuzi 3, ndipo m'kalasi mumabuka phwete. Tikatero timawauza kuti asanje manambalawo kuyambira yaing'ono, ayang'ane imene ili pakati. Amapeza 0. Phwete likatha timawafunsa kuti pa manambala aŵiriŵa akapereka iti kwa mlangizi wa ziŵeto amene akusankha mudzi woti ulandire thandizo.